Kumira kwa anthu ambiri nthawi imodzi: zambiri zimachitika asanafike kuchipatala

Pa 15 May 2023, bwato lomwe linanyamula anthu 37 linagundidwa ndi mvuu likuwoloka mtsinje wa Shire m'boma la Nsanje, ndipo linatembenuzika. Malipoti oyamba a apolisi anati mwana wa chaka chimodzi wamwalira ndipo anthu 23 akusowa. Apa n'kuti patangodutsa mwezi umodzi chichitikireni ngozi ina pa mtsinje wa Rusa ku Mchinji, pomwe bwato la anthu 22 opita kumaliro linamira. Mu April 2017, boti lomwe linanyamula anthu oposa 70 ochokera ku mapemphero a Pasaka linatembenuzika pa nyanja ya Malawi kufupi ndi Mlowe, ku Rumphi. Ngozi yaikulu kuposa zonsezi ndi ya sitima ya Vipya, yomwe inamira pa 30 July 1946 kufupi ndi Florence Bay, komwe lero kumatchedwa Chitimba. Anthu 145 anathera m'madzi tsiku limenelo.

Nkhani zotere zikamafotokozedwa, chomwe chimatsala m'makutu mwa anthu ndi mvuu kapena mphepo. Koma mvuu ikungofotokoza chifukwa chomwe bwato linatembenukira. Sikufotokoza chifukwa chomwe anthu ochuluka chonchi analepherera kufika kumtunda. Kuti afe munthu mmodzi kapena afe makumi awiri, zimadalira zomwe zinachitika padoko bwato lisananyamuke komanso zomwe anthu a pagombe anachita m'mphindi khumi zoyambirira. Malo awiri onsewa ali kunja kwa chipatala, koma ali m'dera la mlangizi wa zaumoyo ndi anthu ongodzipereka omwe amagwira nawo ntchito.

Chiwerengero chomwe chimasiya ambiri kunja

Lipoti lomwe bungwe la WHO linatulutsa mu December 2024 linati anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'chaka cha 2021. Oposa 90 pa 100 aliwonse anali a m'maiko osauka ndi opeza pang'ono. Padziko lonse imfa zotere zatsika ndi 38 peresenti kuchokera mu 2000, koma m'chigawo cha Africa zatsika ndi 3 peresenti yokha.

Chiwerengerochi n'chochepa poyerekeza ndi zenizeni, ndipo WHO yomwe imavomereza zimenezi. M'ndondomeko ya ICD-10, yomwe imagawa matenda ndi zoyambitsa imfa, kumira mwangozi kuli pa W65 mpaka W74. Womira chifukwa boti lachita ngozi amalembedwa pa V90, m'gulu la ngozi za paulendo, ndipo wokokoloka ndi madzi osefukira amalembedwa pa X38, m'gulu la ngozi zachilengedwe. Kutanthauza kuti anthu a ku Nsanje, Mchinji ndi Mlowe aja, ngakhale atalembedwa bwino, salowa m'chiwerengero cha omira. Chimodzimodzinso omwe anatengedwa ndi mitsinje pa namondwe wa Freddy mu March 2023. Kafukufuku akachitika m'madera momwemo, chithunzi chimasintha: wina yemwe anachitika m'midzi ya asodzi ku gombe la nyanja ya Victoria mbali ya Tanzania, n'kusindikizidwa mu 2019, anapeza imfa zoposa 200 pa anthu 100,000 aliwonse pachaka. Mlingo umenewu ndi wofanana ndi wa matenda akuluakulu omwe ali ndi mapologalamu awoawo ndi ndalama zawozawo.

Zomwe zimachitika m'thupi

Msonkhano wa akatswiri womwe unachitikira ku Amsterdam mu 2002 unagwirizana kuti kumira ndi kulephera kupuma chifukwa choti mphuno ndi kamwa zili m'madzi. Tanthauzo limeneli silitchula imfa. Munthu angathe kumira n'kupulumuka ali bwinobwino, angapulumuke ubongo utawonongeka, kapena angafe. N'chifukwa chake wopulumuka nayenso ayenera kulembedwa kuti anamira.

Madzi akafika kukamwa, munthu amayamba walavula kapena kumeza, kenako amagwira mpweya. Ambiri safika mphindi imodzi. Thupi likamukakamiza kupuma, madzi amalowa m'kholingo n'kutsikira m'mapapo. Safunika kukhala ambiri. Madzi ochepa amatsuka timadzi toterera tomwe timathandiza timatumba ta mpweya ta m'mapapo kuti tisamatirire, ndipo timatumbato tikafwapa, okosijeni salowanso m'magazi. Munthu amakomoka, kupuma kumasiya, mtima umayamba wathamanga kenako n'kumachedwa mpaka kuima.

Ndondomeko imeneyi ndi yofunika kuimvetsa chifukwa ndi yosiyana ndi ya wodwala mtima. Wodwala mtima akagwa, m'magazi mwake mumakhala muli okosijeni, ndipo chomwe chaima ndi mtima. Womira, mtima umaima chifukwa okosijeni watha. Chithandizo chake choyamba ndi mpweya. Nkhani ya Szpilman ndi anzake ya mu New England Journal of Medicine ya 2012 inaonetsa kuti wokhala pansi pa madzi mphindi zosaposa 5, mwayi woti afe kapena ubongo uwonongeke kwambiri ndi 10 pa 100. Pakati pa mphindi 6 ndi 10 umakwera kufika pa 56 pa 100, ndipo kupyola mphindi 25 pafupifupi onse sapulumuka. Palibe ambulansi yomwe ingafike pa doko la kumudzi m'nthawi imeneyo.

Chinanso chomwe anthu ambiri sachidziwa n'chakuti womira kawirikawiri sakuwa. Mpweya wochepa womwe amaupeza kamwa ikatuluka pamwamba amaugwiritsa ntchito popuma. Amakhala choimirira m'madzi, mutu utapendekera kumbuyo, manja akumenya madzi m'mbali, ndipo amatha kumira pasanathe mphindi imodzi anzake akusambira pafupi naye.

Padoko

Boti lililonse lili ndi mpata pakati pa madzi ndi m'mphepete mwake. Munthu aliyense wokwera, thumba lililonse la chimanga, njinga iliyonse, zimachepetsa mpatawo. Ukatsala wa chikhatho chimodzi, funde laling'ono limalowa. Madzi olowawo sakhala malo amodzi. Amathamangira mbali yomwe boti lapendekera n'kulipendeketsa kwambiri. Apa okwera amachita mantha, amaimirira, n'kuthamangira mbali ina onse pamodzi, ndipo kulemera kukakwera m'mwamba choncho boti limatembenuka mosavuta. Bwato losema pamtengo umodzi, lomwe pansi pake n'pozungulira, silichedwa n'komwe.

Tikayang'ana ngozi zomwe zatchulidwa zija, pali chinthu china chofanana. Wa ku Mchinji unali ulendo wa kumaliro, wa ku Mlowe wa mapemphero. Pa 7 April 2024, boti la asodzi lomwe linanyamula anthu pafupifupi 130 linamira m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, ndipo anthu oposa 90 anafa, ambiri mwa iwo ana. Akuluakulu a boma kumeneko anati anthuwa ankathawa kwawo kamba ka mphekesera zokhudza kolera. Maulendo onsewa ndi a gulu lomwe likufuna kuwoloka nthawi imodzi, pa doko lomwe masiku onse limaolotsa anthu ochepa. Woolotsa amakhala pa mpanipani: akana bwanji anamfedwa, kapena akulu a mpingo, poti enawo ndi abale ake omwe? Ndiponso ndalama ya ulendo umodzi wodzadza ndi yomwe amadyera. Kumuuza yekha kuti asamadzadzitse sikuthandiza kwenikweni. Chomwe chimamumasula ndi lamulo lomwe si lake: mzere wa penti m'mbali mwa boti womwe ukamira ulendo sunyamuka, nambala ya okwera yolembedwa poonekera, ndi munthu wa komiti ya pagombe kapena nthumwi ya mfumu yemwe amawerenga okwera. Lamulo la maulendo a pamadzi lilipo, ndipo nthambi ya boma yoona za maulendowa ndi apolisi a panyanja ali ndi mphamvu zoyendera maboti, koma sangakhale pa doko lililonse la Shire, Bua kapena Chilwa tsiku la maliro.

Ubwino wake ndi wakuti masiku oopsawa amadziwika kusanache. Maliro amalengezedwa, tsiku la msika limadziwika, Pasaka ndi Khirisimasi zili pa kalendala. Mlangizi wa zaumoyo yemwe amadziwa kuti mawa kutsidya kuli maliro angathe kukambirana ndi mfumu ndi oyendetsa mwambo kuti anthu awoloke maulendo atatu m'malo mwa umodzi, ndipo ayambe m'mawa. Nyengo nayonso ili ndi kalendala yake. Mphepo ya mwera imalimba pa nyanja ya Malawi kuyambira mu May mpaka cha mu August, ndipo nthambi yoona za nyengo imapereka machenjezo omwe amaulutsidwa pa wailesi, kuphatikizapo za m'madera monga Dzimwe ku Mangochi. Chenjezo lothera pa wailesi silinagwire ntchito. Liyenera kufika kwa yemwe wagwira nkhafi kapena injini, ndipo pakhale wina woti anene kuti lero sitinyamuka.

Jekete loyandamitsa limathandiza pokhapokha litavalidwa ndi kumangidwa munthu asanakwere. Kulivala uli kale m'madzi n'kovuta ngakhale kwa katswiri wosambira, ndipo lomwe lasungidwa pansi pa katundu limamira ndi boti. Pomwe majekete palibe, pali chinthu chomwe chimapezeka khomo lililonse. Chigubu cha malita 20 chopanda kanthu, chotsekedwa bwino, chimatha kuyandamitsa zolemera pafupifupi makilogalamu 20, pomwe majekete ambiri amayandamitsa pakati pa makilogalamu 10 ndi 15. Munthu ali m'madzi amapepuka kwambiri, ndipo chomwe chimafunika ndi kungokweza mutu wake. Chigubu sichilowa m'malo mwa jekete, chifukwa wokomoka amachitaya, koma zigubu zingapo zomangirira m'mbali mwa boti ndi chingwe zimapatsa anthu pogwira. Boti lamatabwa likatembenuka nthawi zambiri limayandamabe. Kuligwira n'kudikira kumapulumutsa kuposa kuyesa kusambirira gombe lomwe likuoneka pafupi koma lili kutali.

Padziko lonse amuna ndiwo amamira kwambiri, pafupifupi kawiri kuposa akazi, ndipo usodzi, mowa ndi kudzidalira zimathandizira. Koma m'boti la maliro kapena la mpingo mumachuluka amayi ndi ana. Mayi wobereka mwana kumbuyo akagwera m'madzi, chitenje chimamukola miyendo, ndipo akayesa kuyandama chagada, nkhope ya mwana ndiyo imakhala pansi pa madzi. Ndi bwino kumutsitsa mwana n'kumufungata pamiyendo asanakwere, ndipo majekete akakhala ochepa ayambire ana ndi owanyamula. Odwala khunyu nawo afunika kuwaganizira mwapadera, poti chiopsezo chawo chomira n'chokwera kuposa cha ena maulendo oposa khumi.

Wopulumutsa akasanduka womira

Si ngozi zonse zopha anthu ambiri zomwe zimakhudza boti. Njira ina ndi iyi: mwana amaterereka pa dziwe kapena pankhuti yomwe yadzadza madzi, mkulu wake amalumphira kuti amutenge, kenako mayi kapena mnzawo. Pomaliza mitembo imavuulidwa itatu, ndipo nthawi zina woyambayo ndiye amapulumuka. Ofufuza a ku Australia, Franklin ndi Pearn, analemba za mchitidwewu ndipo anaupeza makamaka pakati pa makolo ndi abale ofuna kupulumutsa mwana.

Chifukwa chake si kusadziwa kusambira kokha. Womira saganiza, amakwera chilichonse chomwe wachigwira, ndipo mwana wa zaka khumi wogwidwa ndi mantha angathe kumiza bambo wamphamvu. Uthenga woti usalowe m'madzi ndi wovuta kuulandira kwa kholo lomwe likuona mwana wake akumira, choncho kuletsa kokha sikokwanira. Munthu ayenera kukhala ndi china choti achite ndi manja ake. Akuwe kuti ena abwere. Agone chafufumimba m'mphepete n'kutambasula nsungwi, nkhafi kapena chitenje, kuti asakokeredwe m'madzi. Womirayo akakhala patali, amuponyere chigubu chomangidwa chingwe. Ngati palibiretu njira ina koma kulowa, alowe ndi choyandama n'kuchikankhira patsogolo, chikhale pakati pa iye ndi womirayo.

Zimenezi zimafuna kuyeserera. Kuponya chigubu cha chingwe pamalo oyenera sikutheka ulendo woyamba, ndipo chigubu chopanda kanthu chimauluzika ndi mphepo. Kuthiramo madzi pang'ono kumachipatsa kulemera koti chifike patali. Gulu la ongodzipereka lingaphunzire izi masana amodzi pabwalo la sukulu. Nsungwi yaitali ndi chigubu cha chingwe zokolekedwa pamtengo pa doko kapena pamalo ochapira sizidya ndalama zambiri.

Mphindi zoyambirira pagombe

Anthu ambiri akavuulidwa nthawi imodzi, maso amathamangira kwa omwe akulira ndi kukuwa. Amenewo akupuma. Woyamba kumuona ndi yemwe wagona chete. Agonekedwe chagada pamalo olimba, mutu upendeketsedwe kumbuyo pang'ono ndi kukweza chibwano, ndipo aonedwe kwa masekondi osaposa 10 ngati akupuma. Kubanika kwa apo ndi apo si kupuma. Ngati sakupuma, malangizo a European Resuscitation Council ndi oti apumiridwe mkamwa kasanu, chifuwa chikuoneka kuti chikukwera, kenako adinikizidwe pakati pa chifuwa ka 30 ndi kupumiridwa kawiri, mobwerezabwereza. CPR ya manja okha, yomwe imaphunzitsidwa pa odwala mtima, siikwanira kwa womira. Ena omwe mtima wawo usanaime amayambanso kupuma atangopumiridwa kangapo.

Chizolowezi chomwe chimataya nthawi yambiri ndi chofuna kutulutsa madzi: kumuzondotsa, kumupsinja pamimba, kumugubuduza pa mchenga. Madzi omwe amatuluka potero ndi a m'mimba, ndipo amatuluka ndi masanzi omwe angalowe m'mapapo. Omwe ali m'mapapo satuluka mwa njira imeneyi. Thovu lomwe limatuluka kukamwa lisaimitse ntchito, chifukwa limabwereranso likapukutidwa. Akasanza, atembenuzidwire chammbali, mkamwa muchotsedwe zotsalira, ntchito ipitirire. Khosi limangidwe pokhapokha ngati pali chifukwa choganizira kuti lavulala, monga kudumphira pamadzi osaya kapena kumenyedwa ndi boti.

Yemwe akupuma koma sakudziwa kanthu agonekedwe chammbali ndipo wina akhale naye osachokapo. Onse avulidwe zonyowa n'kufunditsidwa. Madzi a nyanja ya Malawi si ozizira ngati a maiko a chisanu, koma madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuposa mpweya maulendo pafupifupi 25, ndipo msodzi yemwe wagwira bwato usiku wonse mu July amafika kumtunda thupi litazizira moopsa. Mowa usaperekedwe ngati chotenthetsa.

Pafunikanso munthu mmodzi wongolemba maina. Pa ngozi zambiri, palibe amadziwa bwino kuti anakwera angati, opulumuka ena amapita kwawo osauza aliyense, ndipo ofufuza m'madzi amaika moyo wawo pachiswe posaka munthu yemwe ali kale kunyumba.

Kuchipatala

Aliyense yemwe anakomoka, anapumiridwa, akutsokomola kosalekeza, akutulutsa thovu kapena akupuma mothamanga ayenera kupita kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino. Mapapo amatha kudzadza madzi a m'thupi momwemo patapita maola angapo. Wopanda chizindikiro chilichonse, yemwe m'chifuwa mukumveka bwino ndipo okosijeni wake ali pamlingo woyenera, angatulutsidwe ataonedwa kwa maola 6 mpaka 8, ndipo abale auzidwe zoti abwerere nazo msanga. Chithandizo chachikulu ndi okosijeni, ndi CPAP pomwe ilipo kwa omwe sakusintha. Madzi a mchere ndi opanda mchere sasintha chithandizo. Maantibayotiki sayenera kuperekedwa kwa aliyense ngati chodzitetezera, kupatula pomwe madzi anali onyansa kwambiri kapena zizindikiro za chibayo zayamba kuoneka. Chipatala chaching'ono cha m'mbali mwa nyanja, chomwe mwina chili ndi makina a okosijeni amodzi kapena awiri, chiyenera kugwirizana pasadakhale ndi chipatala cha boma kuti chidzachita bwanji akadzafika anthu khumi pakamodzi.

Mitembo ya omira siyambitsa mliri, ndipo palibe chifukwa cha zaumoyo choikira maliro mothamanga anthu asanazindikirike. Opulumuka, makamaka kholo lomwe mwana anapulumuka m'manja mwake, ndi woolotsa yemwe mudzi ukumuloza chala, afunika kuyenderedwa m'masabata otsatira.

Ana, ndi kaundula

Njira zomwe zili ndi umboni wamphamvu kwambiri zinayesedwa ku Bangladesh. Kafukufuku wosindikizidwa mu 2012 anapeza kuti ana aang'ono osungidwa m'malo olerera ana a m'mudzi m'maola omwe amayi amatanganidwa, chiopsezo chawo chomira chinatsika ndi 80 peresenti kapena kuposerapo, ndipo cha ana okulirapo omwe anaphunzitsidwa kusambira kodzipulumutsa chinatsika kuposa pamenepo. Sukulu za mkombaphala zomwe zili kale m'midzi yambiri ya m'Malawi zikugwira ntchito yofananayo, ngakhale kuti sizinakhazikitsidwire zimenezo. Pa nkhani yophunzitsa kusambira pafunika kusamala: malo osaya otchingidwa bwino, opanda ng'ona, ana ochepa pa mphunzitsi mmodzi, komanso kuganizira za likodzo. Phunziro lochitika mosasamala nalonso lingamize ana angapo tsiku limodzi.

Tsiku la 25 July, lomwe bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 2021 kuti likhale lokumbukira kupewa kumira, limagwa mkati mwa nyengo ya mwera, ndipo ndi mpata wabwino woyeserera kuponya chigubu ndi kupumira mkamwa pamadoko. Koma kuti boma lidziwe madoko oyambira, pafunika zolembedwa. Omira ambiri safika kuchipatala ali moyo. Nkhani imathera kupolisi, ndipo wachipatala akapima mtembo, mawu omwe amamveka kawirikawiri ndi oti wamwalira kamba kobanika. Mawuwa si abodza, koma amabisa zonse zomwe zikanathandiza kupewa. Polemba, patchulidwe kuti munthuyo anamira, dzina la mtsinje, dziwe kapena doko, nthawi yake, zomwe ankachita, ngati anali m'boti ndipo munali angati, ngati anavala jekete, ngati analowa m'madzi kuti apulumutse wina, ndi chithandizo chomwe analandira pagombe. Mlangizi wa zaumoyo angalembe zomwezi m'kaundula wa m'mudzi, za omwalira ndi za opulumuka omwe, n'kupita nazo ku msonkhano wa pamwezi wa pachipatala chake.